Zolembedwa pa Paketi ya Chakudya: Tiziwerenge Bwanji?

Zakudya zambiri zomwe tikugula m'magolosale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zimabwera m'mapaketi, m'zitini ndi m'mabotolo. Amene anazikonza sitimudziwa, ndipo sitingamufunse monga timafunsira wogulitsa nyama kuti, "Anazinga ndani?" Mboni yathu ndi mawu olembedwa pa paketipo. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Baqarah ndime 168, yatchula pamodzi halaal ndi twayyib, chololedwa ndi chabwino, ndipo zonse ziwirizi tiyenera kuzifufuza pa paketi.

Mawu akuluakulu a kutsogolo ndi otsatsa malonda. Choona chimapezeka kumbuyo, pa mndandanda wa zomwe zasakanizidwa, wolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono. Mndandandawu umayamba ndi chinthu chomwe chachuluka koposa n'kumatsika. Choncho chakumwa chojambulidwa malalanje okongola, koma mndandanda wake ukuyamba ndi madzi kenako shuga, ndi madzi a shuga basi.

Pa mndandanda womwewu ndi pamene Msilamu ayenera kuchenjera. Gelatine, yemwe amapezeka m'maswiti ofewa ndi m'mayogati ena, amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, nthawi zambiri nkhumba kapena ng'ombe. E471, wa m'mabisiketi ndi majarini, akhoza kuchokera ku mafuta a zomera kapena a nyama, ndipo nambalayo payokha siinena. E120 ndi utoto wofiira wochokera ku tizilombo. Sikuti nambala iliyonse ya E ndi haraam ayi. E300 ndi vitamini C chabe. Pamene pali chikayiko tiyang'ane dzina la bungwe lomwe latsimikizira kuti chinthucho ndi halaal: kwathu kuno nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi, ndipo pa katundu wa ku South Africa mabungwe monga SANHA kapena MJC. Chithunzi cha mwezi ndi nyenyezi, kapena zilembo za Chiarabu, si umboni; aliyense akhoza kuzisindikiza. Nacho chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards chimanena za muyezo wa katunduyo, sichinena za halaal.

Tsono za twayyib. Botolo la mafuta a mpendadzuwa likalembedwa "cholesterol free" silinaname, koma silinatiuzenso chachilendo, pakuti mafuta onse a zomera ndi otero. "No added sugar" akutanthauza kuti sanathiremo shuga wina, osati kuti mulibe shuga. Odwala matenda a shuga asanyengeke. Manambala nawo amafuna kuwerengetsa. Pakalembedwa magalamu 10 a shuga pa 100 ml, botolo la 500 ml lili ndi magalamu 50, pafupifupi masupuni a tiyi 12. Ndani mwa ife angathire masupuni 12 m'kapu ya mwana wake? Mchere umabisala m'dzina la sodium: galamu imodzi ya sodium ndi magalamu awiri ndi theka a mchere, pamene bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku.

Mawu ena ndi otithandizadi. "Iodised" pa mchere akusonyeza kuti muli ayodini woteteza ku chithokomiro, ndipo "fortified" pa shuga ndi mafuta ophikira akusonyeza kuti awonjezeramo vitamini A. Koma vitamini ameneyu amawonongeka ndi dzuwa, ndipo mafuta opimidwa m'timapepala, oyanikidwa pa benchi tsiku lonse ndi kutentha kwathu kwa kunyanja, alibe cholembedwa chilichonse choti tiwerenge.

Pomaliza ndi deti. "Best before" akunena za nthawi yomwe chakudya chimakhala chokoma bwino. "Use by" akunena kuti likapita tsikulo tisadye. Chitini chofufuma kapena chadzimbiri tichisiye ngakhale deti lisanakwane. Abale athu a magolosale akumbukire kuti kufufuta deti kapena kumatapo pepala la mtengo ndi kubisa chilema cha katundu, chinyengo chomwe Shariah yaletsa pa malonda.