OKAPI: MPENI WA M'THUMBA UMENE ULI NDI MBIRI YACE

Anthu ambiri a m'midzi ya dziko lino la Zambia audziwa mpeni wopinda wochedwa Okapi. Mlimi adulira luzi, msodzi atumbulira nsomba, woluka madengu apalira nsungwi, ndipo pa tsiku la ukwati ndi womwewo umene usenda mbuzi. Koma ndi owerengeka amene adziwa kumene mpeniwu unacokera, ndi kuti m'maiko ena muli anthu amene asonkhanitsa mipeni yotere ndi kuikongoletsa pa nthawi yao yopuma, monga momwe ena asonkhanitsira masitampa.

KUMENE UNACOKERA

Mpeni wa Okapi unayamba kupangidwa m'caka ca 1902 mu mzinda wa Solingen ku Germany. Mzindawu unachuka kwa zaka mazana ambiri pa nchito yosula malupanga ndi mipeni. Eni ace anaupanga kuti azikaugulitsa m'maiko a mu Africa amene Ajeremani anali kulamulira masiku amenewo, ndipo popeza unali wotsika mtengo, unafalikira msanga kufikira ukafika m'masitolo a kumwera konse kwa Africa.

Dzina lace ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo, mbale wace wa nyamalikiti, imene ili ndi mizere ngati ya mbidzi m'miyendo mwace. Azungu anaidziwa nyamayi m'caka ca 1901 kupyolera mwa Sir Harry Johnston, yemwe uja anayamba walamulirapo dziko la Nyasaland. Motero pamene mpeniwu unali kupangidwa, dzina la okapi linali lacilendo ndi lokoma m'makutu a anthu a ku Ulaya.

M'caka ca 1988 dzina ndi makina opangira mpeniwu zinasamutsidwira ku Isithebe, m'cigawo cimene lero cichedwa KwaZulu-Natal ku South Africa.

ZIMENE OSONKHANITSA AYANG'ANA

Munthu wosonkhanitsa mipeni ayamba ndi kuwerenga cidindo ca pa citsulo. Mpeni wodindidwa dzina la Germany ndi wakale koposa wa ku South Africa, ndipo ndi umene ambiri aufunafuna. Cifukwa ca ici, Okapi wakale amene atate kapena agogo anasiya m'sutukesi sayenera kutayidwa kudzala, ngakhale atacita dzimbiri.

Ayang'ananso ngati kamphete ka kumsana kalipo. Mtundu wodziwika kwambiri wa Okapi uli ndi sipuling'i kunja kwa cigwiriro, imene igwira citsulo kuti cisapindike pogwira nchito. Pofuna kupinda mpeni, munthu akoka kamphete kaja. Potsegula pamveka kulira kwa timano ta citsulo. Ku Jamaica, kumene mpeniwu unafikanso, anthu anaupatsa dzina lakuti ratchet cifukwa ca timanoti.

Pamsika pali mipeni ina yongotengera maonekedwe a Okapi, ya citsulo cofewa cosacedwa kubuntha. Wogula afunse kwa odziwa, pakuti safunsa anadya phula.

KUKONGOLETSA KWACE

Okapi wambiri acokera ku fakitale ali kale ndi kamwezi ndi tinyenyezi ta citsulo tolowetsedwa m'cigwiriro ca mtengo. Okonda luso awonjezapo zao. Ena atentha kawaya pa moto ndi kulemba nako mizere kapena dzina la mwini mpeni. Ena akulunga waya wa mkuwa ku mapeto a cigwiriro, kapena amangirira kacingwe ka mikanda pa kamphete. Amisiri odziwa bwino acotsa cigwiriro cosweka ndi kusema cina ca phingo, mlombwa kapena nyanga ya ng'ombe, nasoka kathumba ka cikopa kosungiramo.

Luso limeneli si la Okapi yekha ai. Ku France kuli mpeni wa alimi wochedwa Opinel, umene Joseph Opinel anayamba kupanga m'caka ca 1890 m'cigawo ca mapiri ca Savoie. Cigwiriro cace ndi ca mtengo wosalala, ndipo ambiri amacizokota kukhala nsomba, mbalame kapena nkhope ya munthu. Kulinso mpeni wa abusa a ziweto wa m'mudzi wa Laguiole, umene amisiri aukongoletsa pocekaceka msana wace ndi tupa ndi kukhomera timisomali m'cigwiriro mwa maonekedwe a mtanda. Zonsezi zionetsa kuti mpeni wa anthu wamba ungathe kukhala cinthu conyaditsa mtundu.

Koma pali lamulo limene osonkhanitsa onse asunga: mpeni wakale sausintha. Kupala cidindo ndi tupa kapena kuocha cigwiriro ca Okapi wa ku Germany ndiko kufafaniza mbiri yace ndi kugwetsa mtengo wace. Wofuna kuphunzira kuzokota ayambire pa mpeni watsopano wa m'sitolo.

MNYANGA WA NJOBVU AI

Kale zigwiriro za mipeni ya olemera zinali kupangidwa ndi mnyanga wa njobvu. Masiku amenewo anapita. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 njobvu zambirimbiri za m'cigwa ca Luangwa zinaphedwa ndi opha nyama mwakuba, ndipo m'caka ca 1989 maiko a m'pangano la CITES analetsa malonda a minyanga pakati pa maiko. Kuno ku Zambia, lamulo loteteza nyama la m'caka ca 2015 likaniza munthu kukhala ndi mnyanga popanda cikalata ca Boma. Kanyanga kakang'ono pa cigwiriro kangamutengere munthu ku ndende ndi kusiya ana ace pa umphawi. Akulu anati ukasauka usamagwira nyanga.

DZINA LOIPA

Mbiri ya Okapi ili ndi banga. M'makomboni a ku Johannesburg ndi mizinda ina atsotsi anausandutsa cida colandira anthu ndalama, kotero kuti kwa ena dzina lace likumbutsa magazi. Colakwa si citsulo, koma dzanja locigwira. Mpeni wa nchito malo ace ndi kumunda, kudimba ndi pakhomo. Kupita nao ku mowa kapena ku gule ndiko kuitana mlandu, pakuti mkangano umene ukanatha ndi mau ungathere kumanda ndi ku khoti.

KASUNGIDWE

Citsulo ca Okapi cinoleka msanga pa mwala, koma cicitanso dzimbiri msanga. Pakutha nchito cipukutidwe ndi kansaru kouma ndi kudzozedwa kadontho ka mafuta. Dzimbiri lakale licotsedwe pang'onopang'ono ndi phulusa ndi mafuta, mosakhudza cidindo. Mipeni isungidwe pa malo ouma, patali ndi ana.

Banja limene lili ndi mpeni wa makolo licita bwino kulemba pa pepala dzina la mwini wace woyamba, caka ndi kumene anaugula, akulu odziwa akali moyo. Mpeni wopanda mbiri ndi citsulo cabe, koma umene mbiri yace idziwika uphunzitsa adzukulu za maulendo ndi thukuta la agogo ao.