BUKU LACIWIRI NDI MPHANJE: NKHANI YA BAMBO DOMINIC MULAISHO

M'caka ca 1971 kampani yosindikiza mabuku ya Heinemann ku London inatulutsa buku la nthano lolembedwa ndi mwana wa m'Zambia muno, Bambo Dominic Mulaisho. Dzina lace ndi The Tongue of the Dumb, ndiko kuti lilime la wosalankhula. Bukulo linalowa m'gulu la mabuku lodziwika ndi dzina lakuti African Writers Series, m'mene munali kale mabuku a Chinua Achebe wa ku Nigeria ndi Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya. Amene analiwerenga anayamba kufunsa za laciwiri. Anayembekeza zaka 8, pakuti The Smoke that Thunders linatuluka mu 1979.

Munthu angadabwe kuti, kodi amene wadziwa kale njira asoceranso bwanji? Koma alembi ambiri aona kuti buku laciwiri ndilo libvuta kopambana loyamba.

Buku loyamba mlembi alitapa m'nkhokwe. Kuyambira ubwana wace akhala akututa osadziwa: nkhani za agogo madzulo, milandu ya pabwalo, maliro, caka ca njala, mau a aphunzitsi. A Mulaisho anabadwa mu 1933 ku Feira, kumene lero ndi boma la Luangwa, komwe mtsinje wa Luangwa ugwera mu Zambezi. Ndipo nthano yao yoyamba ndi ya m'cigwa comweco. Muli Mfumu Mpona ndi nduna yace Lubinda, munthu wa kaduka wofuna ufumu. Muli mai Natombi ndi kamnyamata kosalankhula, Mwape. Muli ansembe a ku mishoni, madzi osefukira, njala, ndi kunenezana ufiti. Zonsezi mlembi sanacite kukafunsa kwa munthu. Anakula nazo, ndipo fungo la mudziwo limveka pa tsamba lililonse.

Tsono bukulo likatuluka, nkhokwe ija yapunguka. Zimene zinasonkhanitsidwa pa zaka makumi atatu zalowa m'buku limodzi. Laciwiri lifuna kuswa mphanje: kudula mitengo, kuzula zitsa, ndi kuyembekeza mvula, pamene anthu ali kale pakhomo ndi malicero ao.

Anthu oyembekezawo ndiwo bvuto lina. Polemba buku loyamba palibe amdziwa mlembi, cotero alemba momasuka, ndipo akalakwa ang'amba pepala popanda womseka. Polemba laciwiri amva maso kumbuyo kwace. Akabwereza nkhani ya kumudzi, ena adzati alibe cina conena. Akasintha, ena adzadandaula kuti wataya cimene anamkondera. A Mulaisho anasankha kusintha. Anacoka m'cigwa, nalemba za ndale: nkhondo ya anthu akuda yofuna ufulu m'dziko longopeka lolamulidwa ndi azungu. Dzina la bukulo analitenga ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Kunali kulimba mtima, pakuti nthano ya ndale siikhululukira mlembi msanga. Anthu a m'nthano sacedwa kusanduka olankhula pa misonkhano cabe. Kufikira lero, dzina la Mulaisho likamveka, ambiri akumbukira Mwape ndi Lubinda, osati buku la 1979.

Koma cimene cinadya zaka 8 zija sicinali mantha okha. Inali nchito. A Mulaisho sanali kudyera colembera. Anali mmodzi wa ophunzira owerengeka amene dziko linali nao litangolandira ufulu mu 1964, ndipo Boma linawasenzetsa katundu wolemera. Anakhala mlembi wamkulu m'maunduna, anatsogolera Mindeco, bungwe limene linasunga gawo la Boma m'migodi, ndipo pambuyo pace anakhala mlangizi wa President Kenneth Kaunda pa za cuma. Zakazo sizinali za mtendere. Mu 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa koopsa. Munthu amene usana wonse awerengera ndalama za migodi, madzulo sakhala ndi mutu wolukira nthano. Codabwitsa si cakuti bukulo linacedwa, koma kuti linalembedwa n'komwe.

Kwina kucedwako kunaposa pamenepa. Mai Tsitsi Dangarembga a ku Zimbabwe anatulutsa Nervous Conditions mu 1988, buku limene linalandira mphoto ya Commonwealth m'cigawo ca Africa caka cotsatira. Kenaka anapita ku Berlin kukaphunzira kupanga mafilimu, ndipo nkhani ya filimu ya Neria ndi yao. Buku lopitiriza nthano ya mtsikana uja Tambudzai, The Book of Not, linatuluka mu 2006, patapita zaka 18. Ku America, Ralph Ellison anamveka dziko lonse ndi buku lace Invisible Man mu 1952. Laciwiri analilemba moyo wace wonse osalitsiriza. Mu 1967 moto unatentha nyumba yace pamodzi ndi ena mwa mapepala a bukulo, koma ngakhale atayambanso, nthanoyo inangokula osafika kumapeto. Pomwalira mu 1994 anasiya masamba oposa 2,000, ndipo ena ndiwo anasankhamo gawo nalisindikiza mu 1999.

Chinua Achebe yekha aoneka ngati sanabvutike, pakuti Things Fall Apart linatuluka mu 1958 ndipo No Longer at Ease mu 1960. Cinsinsi cace n'cakuti poyamba anafuna kulemba nthano imodzi yaitali ya mibadwo itatu ya banja limodzi. Ataona kuti yacuruka, anaidula, nasindikiza gawo la Okonkwo lokha. Nkhani ya mdzukulu wace Obi inatsala ngati mbeu yopacika pa tsindwi, ndipo ndiyo inakhala buku laciwiri. Iye sanadye zonse m'caka cimodzi.

Nanga wolemba m'Cinyanja? Iye akumana ndi zonsezi, kuonjezapo msika wocepa. Mabuku a m'zinenero zathu kawirikawiri agulidwa ndi masukulu, cotero wosindikiza ayamba wafunsa ngati loyamba lija linatha m'sitolo asanalandire laciwiri. Likakhala kuti likali pa shelefu kudyedwa ndi ciswe, mapepala a laciwiri abwerera kwa mwini wace, ngakhale nthanoyo ikome motani. Apa mlandu suli wa mlembi yekha. Uli wa onse amene akonda kubwereka buku koma osagula.

A Mulaisho buku lacitatu la nthano sanatulutse. Mu 1992 anasankhidwa kukhala mkulu wa Bank of Zambia, nakhala pa mpandowo kufikira 1995. M'zaka zimenezo dzina lao, lolembedwa ndi dzanja lao, linali pa ndalama za pepala za kwacha, ndipo linafika m'midzi ya ku Luangwa, Petauke ndi Katete, m'manja mwa alimi amene sanaonepo buku lao ngakhale limodzi. Anamwalira mu 2013.