Makina Oziziritsa Nyumba Obisika m'Siling'i

Nkhani yathu ya lero ndi ya makina oziziritsa nyumba, amene ambiri timawacha eyakoni. Sindinena za aja opacika pa khoma amene munthu ali yense awaona, koma za mtundu wina umene ubisika pamwamba pa siling'i, nutumiza mpweya wozizira ku zipinda zambiri kudzera m'mipope ikulu-ikulu. Mtundu umenewu muupeza m'maofesi a pa mgodi, m'zipatala, m'mabanki, m'mahotela ndi m'nyumba zina zazikulu za ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Lusaka. Eni nyumba zotere ndi owerengeka, koma osamala nyumbazo ndi ambiri: alonda, osesa, akalaliki ndi anyamata ophunzira umisiri. Ndipo tsiku limene madzi ayamba kudonthera pa tebulo la mkulu wa nchito, woyamba kufunsidwa ndinu.

Tiyambe ndi cinthu cimene ambiri sacidziwa. Makina awa sapanga cisanu ai. Nchito yao ndi kunyamula kutentha kwa m'nyumba ndi kukakutaya panja. Ali ndi mbali ziwiri. Ina ikhala panja, ndiyo ija ilira kuseri kwa nyumba, m'mene muli kompresa. Inzace ikhala m'siling'i. Ziwirizi zilumikizidwa ndi timipope tiwiri ta mkuwa, mkuwa womwewu umene ena a inu muukumba, ndipo m'timipopemo muyenda gasi. Gasiyo afika ku mbali ya m'nyumba ali ngati madzi, nasanduka nthunzi, ndipo posanduka nthunzi atenga kutentha kwa mpweya wom'zungulira. Paja mudathirapo sipiriti pa dzanja, nimumva dzanja lirikuzizira pamene sipiritiyo auma. Ndi momwemo.

M'bokosi la m'siling'ilo muli sefa yogwira pfumbi. Muli koyilo, ndiyo timipope ta mkuwa tokhota-khota tolowetsedwa m'tizitsulo topyapyala ta aluminiyamu, yooneka ngati redieta ya galimoto. Muli fani imene ikoka mpweya wa m'zipinda, niupititsa pa sefa ndi pa koyilo, niukankhira m'mipope. Ndipo pansi pa koyilo pali mbale yolandira madzi, pamodzi ndi kampope kotulutsira madziwo panja. Motero m'bokosimo muli njira ziwiri, ya mpweya ndi ya madzi, ndipo mabvuto ambiri amene anthu aitanira mmisiri ayambira pa kutsekeka kwa imodzi ya njirazi.

Za njira ya mpweya, inu a pansi pa mgodi simusowa mphunzitsi. Mudziwa kuti fani ngakhale ikhale yamphamvu cotani, mpope wa mpweya ukang'ambika pa njira kapena ukapindika, amuna a kumapeto apuma mpweya wotentha. M'nyumba ziri cimodzi-modzi. Ngati cipinda cimodzi cokha ndico citentha pamene zinzace zirikuzizira bwino, makina alibe mlandu: kayang'aneni mpope wopita ku cipindaco. Kawiri-kawiri mupeza kuti wacoka pa cilumikizo cace, kapena makoswe auboola, kapena munthu wina amene anakwera kukakonza mawaya anauponda nauphwatalitsa. Koma ngati mpweya wafooka m'zipinda zonse, yambani ndi sefa.

Sefa ndiyo yosamalika mosabvuta koposa zonse, ndipo ndiyo yoiwalika koposa zonse, cifukwa sioneka. Ikhala kuseri kwa cibowo cacikulu cija ca pa siling'i cimene cimakoka mpweya, kapena m'mbali mwa bokosi lenilenilo. Zimitsani makina, itulutseni, ndipo muiyang'anitse ku kuwala. Ngati kuwala sikupyola, mpweyanso supyola. Sefa ya ukonde wa pulasitiki muitsuke ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wocepa, muiyanike pa mthunzi kufikira itaumiratu, ndipo muibwezere. Ya pepala sitsukidwa, imangosinthidwa. M'miyezi ya pfumbi, kuyambira August kufikira mvula itagwa, muiyang'ane mwezi ndi mwezi, ndipo ngati nyumba iri pafupi ndi mseu wa pfumbi, masabata awiri ali onse.

Alipo ena ocenjera pa okha amene, poona kuti sefa itseka mpweya, amaicotseratu. Masiku oyamba mpweya ubweradi wamphamvu ndipo onse akondwa. Koma pfumbi lija lipita ku koyilo, ndipo popeza koyilo ikhala yonyowa, pfumbilo lisanduka thope pakati pa tizitsulo tija. Sefa itsukidwa ndi munthu mmodzi pa kanthawi kocepa; koyilo yodzala thope ifuna mmisiri ndi mankhwala ace, ndiponso ndalama.

Tsopano mverani cinthu codabwitsa. Mpweya ukacepa, koyilo siitentha, koma izizira mopitirira. Gasi uja afuna kutentha koti atenge, ndipo posakupeza atsitsa koyilo kufika pansi pa madigiri 0. Madzi a pa koyilo aundana. Madzi oundanawo atsekanso njira ya mpweya imene inatsala, ndipo aundana ena pamwamba pa oyambawo. Pamenepo m'cipinda mutentha pamene m'siling'i muli cimwala ca madzi oundana, ndipo usiku makina akazimitsidwa cimwalaco cisungunuka, madzi nasefukira pa mbale. Mukapeza zotere, zimitsani kuziziritsa, musiye fani yokha iyende kufikira zonse zitasungunuka, ndipo muike ndowa pansi. Musagwiritse mpeni kapena sikuludiraiva pogoba madzi oundanawo. Mkuwa wa timipope tija ndi wopyapyala kwambiri, ndipo kabowo kamodzi kataya gasi yense.

Pano ndiimepo pang'ono, pakuti pa nkhani ya gasi ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Makina akaleka kuziziritsa, mau oyamba amene mumva ndi akuti, "Gasi watha." Gasi ameneyu sali ngati petulo wa m'galimoto kapena palafini wa m'nyale. Sapsa ndipo satha. Angozungulira m'timipope totsekeka, caka ndi caka. Ngati wacepadi, ndiye kuti pena pace pakudontha, ndipo kawiri-kawiri pamalopo paoneka dontho la mafuta logwira pfumbi, maka-maka pa zilumikizo. Mmisiri amene abwera caka ciri conse kudzathira gasi, osafuna-funa podonthapo, afanana ndi munthu wotungira madzi m'dengu, ndipo wolipira ndinu. M'funseni mwaulemu kuti akuonetseni pamene gasiyo anatulukira.

Gasi alinso mitundu-mitundu, ndipo dzina lace lilembedwa pa kacitsulo ka pa makina. Makina akale ambiri anali ndi R-22, amene maiko anagwirizana kum'siya pang'ono-pang'ono potsata pangano la ku Montreal la caka ca 1987, cifukwa aononga mpweya wa kumwamba umene utichinjiriza ku ukali wa dzuwa. Makina atsopano ali ndi R-410A kapena R-32. Mitundu imeneyi siisakanizidwa, siitayidwa dala m'mlengalenga, ndipo R-32 atha kuyaka. Imeneyi ndi nchito ya mmisiri wophunzira, wokhala ndi zida zace.

Nanga munthu wopanda zida adziwa bwanji ngati makina akuziziritsa moyenera? Ndi thermometer wamba. Makina atayenda mphindi khumi ndi zisanu, pimani mpweya pa cibowo cokoka, ndipo mupimenso pa cibowo cotulutsa cimene ciri pafupi ndi bokosi. Kusiyana kwace kuyenera kukhala madigiri 8 kufikira 12, kapena pafupi ndi pamenepo. Kukakhala kwakukulu koposa ndipo mpweya uli wofooka, njira ya mpweya yatsekeka. Kukakhala kocepa pamene mpweya ukuomba mwamphamvu ndipo sefa iri yoyera, pitani panja mukaone ngati mbali ya kunja irikuyenda ndiponso ngati siinatsekeke ndi masamba ndi udzu. Zimenezi zikakhala bwino, pamenepo itanani mmisiri, ndipo mum'patse manambala amene mwapima.

Titembenukire ku njira ya madzi. Ena amafunsa kuti, madziwa acokera kuti, popeza palibe amene athira madzi m'makina? Acokera mu mpweya, monga mame a m'mawa, kapena monga madontho a pa botolo lozizira. Kunena zoona, kucotsa cinyontho ndiyo inali nchito yoyamba ya makina otere. M'caka ca 1902 Willis Carrier anakonza makina ace oyamba cifukwa ca nyumba yosindikizira ya ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, kumene mapepala anali kufufuma ndi cinyontho, mitundu ya inki niphonyana. Za kuziziritsa anthu zinadza pambuyo. Tsono m'nyengo ya dzinja, pamene mpweya uli wonyowa, makina a msinkhu wapakati atha kutulutsa lita imodzi kapena awiri pa ora, ndipo madzi onsewo ayenera kupita m'kampope kocepa ngati cala cacikulu.

Kampope kameneka kayenera kutsetsereka njira yonse, sentimita imodzi pa mita iri yonse, kapena kuposapo. Kakagwa mimba pakati, madzi aima, ndere ndi pfumbi zipanga utoto woterera, ndipo kampope katsekeka. Kuyesa kwace nkosabvuta, ndipo nthawi yabwino ndi mwezi wa October mvula isanayambe. Makina atazimitsidwa, thirani botolo la madzi m'mbale pang'ono-pang'ono, mnzanu ataima panja pamene kampope kathera. Madzi akatuluka mothamanga, ziri bwino. Akacedwa kapena akangodontha, kampopeko katsukidwe. Makina ena ali ndi kapampu kokweza madzi ndi kaswichi koyandama kamene kazimitsa makina mbale ikadzala. Motero makina amene azima okha-okha masiku a mvula, nayakanso patapita nthawi, kawiri-kawiri sanaonongeke konse: akungokuuzani kuti madzi asowa njira.

Koma si dontho lonse la pa siling'i licokera m'mbale. Mipope ya mpweya ndi timipope ta mkuwa zikulungidwa ndi cofunda cocinga kutentha, ndipo pamene cofundaco cang'ambika, citsulo cozizira cicita thukuta. Banga likakhala kutali ndi bokosi, ganizani za cimeneci, kapena za malata odontha.

Pfungo nalonso linena zace. Pfungo la cuku, longa la zobvala zosauma bwino, litanthauza madzi oima m'mbale kapena koyilo yakuda, ndipo mpweya wotere subwera bwino kwa odwala cifuwa ca mphumu. Pfungo la cinthu cakufa ndi khoswe m'mpope. Koma pfungo la waya wopsa lisayembekezedwe: zimitsani pa swichi yaikulu nthawi yomweyo. Phokoso la kugwedera kawiri-kawiri ndi sikulu yomasuka kapena cibvundikiro cosatsekedwa bwino, pamene kulira kwa zitsulo zokhulana ndi kwa fani imene yayamba kutha.

Za magetsi ndinene zocepa, koma zosungidwa. M'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a Kariba ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, anthu anaphunzira kuti nthawi yoopsa kwa makina ndiyo pamene magetsi abwera. Akazima, zimitsani makina, ndipo akabwera dikirani pang'ono akhazikike. Makina ambiri amadikira okha mphindi zitatu asanayambitse kompresa, ndipo kucedwa kumeneku si bvuto, nkodzichinjiriza; musamangodina-dina. Breka ikagwa, ikwezeni kamodzi kokha. Ikagwanso, isiyeni. Ndipo musatsegule kabokosi ka mawaya, pakuti muli kacipangizo kochedwa capacitor kamene kasunga mphamvu ya magetsi ngakhale swichi itazimitsidwa. Pa thermostat ya pa khoma pakaoneka cilembo ndi nambala yacilendo, zilembeni pa pepala musanazimitse, cifukwa kwa mmisiri zimenezo ndi theka la nchito. Ndipo kuika thermostat pa 16 kungocititsa makina kugwira nchito osapumula. Madigiri 24 akwanira anthu ambiri.

Katsala kanthu kamodzi, ndiko kukwera m'siling'i. Kwerani m'mawa, pakuti masana a October pansi pa malata patentha koti munthu akomoke. Zimitsani magetsi a makinawo poyamba, muuze onse kuti muli m'mwamba, ndipo mnzanu akhale pansi pa makwerero. Tengani toci. Pondani pa mitanda yokha, osati pa mabolodi a siling'i, cifukwa bolodi silinyamula munthu, maka-maka limene lanyowa ndi madzi a m'mbale. Potsika, lembani m'kabuku tsiku limene mwatsuka sefa ndi limene mwayesa kampope ka madzi, ndipo kabukuko kakhale pamalo pamene wobwera pambuyo panu adzakapeza.