Chithunzi chisalemere kuposa netiweki ya kwathu

Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tikudziwa kuti m'midzi ina ya kumapiriku netiweki timachita kuikwerera pachulu. Ojambula aluso tili nawo, ena ku Dzaleka komwe Tumaini Festival inayamba mu 2014, koma munthu akakonza posita pakompyuta n'kuitumiza ili 8 MB, oiona amakhala ochepa. Bandulo ya Airtel kapena TNM imatha chithunzi chikungozungulira.

Nkhani yagona pa mapikiselo, timadontho topanga chithunzi. Cha 4000 ndi 3000 chili ndi timadontho 12 miliyoni, chonsecho foni zambiri zimaonetsa 720 kapena 1080 m'lifupi. Totsalato timangotilipirira pachabe.

Tisanatumize, tichepetse m'lifupi mpaka 1080 n'kusunga ngati JPEG. Kawirikawiri chimatsika osafikanso 500 KB. PNG imakomera logo ndi malemba, kungoti pa zithunzi za mitundu yambiri imalemera.

Zokasindikiza n'zina. Pepala la A4 pa 300 dpi limafuna 2480 ndi 3508, ndipo poti WhatsApp imafinya zithunzi, chopita kwa osindikiza tichitumize ngati Document. Choyambirira chija tisachifufute, chifukwa chochepetsedwa tikachikuzanso chimatuluka mbuu.