Makina a espresso akazima

Gaggia Classic, makina ophikira khofi a ku Italy amene anatuluka mu 1991, akazimiratu osayatsa ngakhale nyali, mwini wake amaganiza kuti afa. Kawirikawiri chaduka ndi fyuzi ya kutentha, yogona pamwamba pa boyila. Imaduka boyila ikatentha mopitirira, makamaka ikauma madzi.

Wokonza wanzeru amayamba wazula pulagi kukhoma. Kenako amagunditsa multimeter mbali zonse ziwiri za fyuziyo, ndipo mita ikakhala chete ndiye kuti fyuziyo yapsa. Ena amangolumikiza waya m'malo mwake. Ine zimenezo ndimakana kwamtuwagalu, chifukwa fyuziyo ndiyo imaletsa moto kubuka m'khitchini.

Pampu ikamalira koma madzi akutuluka ozizira, diso lipite pa thermostat ya 107°C. Ikakhala bwino, ayeze elementi. Ya mawati 1,200 pa magetsi a 230V iyenera kuonetsa ma ohm pafupifupi 44.

Makina ogwetsa switchi ya nyumba yonse ndi nkhani ina: madzi akudontha pa mawaya, kapena elementi yang'ambika n'kumapatsira magetsi ku chitsulo. Amenewo asayatsidwenso mpaka mmisiri atawatsegula. Ndipo wobwera ndi makina a ku America a 120V asawalowetse pa soketi ya ku Malawi popanda thiransifoma.