Chinsalu Chakuda M'diso Lochotsedwa Ng'ala

Munthu wa ku Bolero, Hewe kapena Mlowe m'boma la Rumphi akachotsedwa ng'ala amabwerera kumudzi akusangalala, pakuti dziko lamuŵaliranso. Ambiri amaona bwino moyo wao wonse. Komabe pafupifupi mmodzi mwa anthu 100 otere amadzakumana ndi vuto lina patapita miyezi kapena zaka, ndilo kumatuka kwa retina.

Retina ndi nembanemba yopyapyala imene inayalidwa kumbuyo m'kati mwa diso, ndipo ndiyo imalandira kuŵala. Patsogolo pake pali madzi onanda ngati choyera cha dzira. Ng'ala ikachotsedwa, madzi ameneŵa amasuntha nakoka retina. Ikang'ambika, madzi amaloŵa kunsi kwake, ndipo imamatuka monga dothi lozira limamatukira pakhoma nthaŵi ya dzinja.

Nthendayi siŵaŵa, ndipo kuopsa kwake kuli pomwepo. Wodwala amaona kung'anima ngati kwa mphezi, ndi timadontho takuda touluka ngati ntchentche. Kenaka mthunzi wonga chinsalu umayamba kuphimba diso kuchokera m'mbali. Akazengereza kuti ayambe wamaliza kusankha fodya, chinsalucho chimafika pakati pa diso, ndipo kaŵirikaŵiri kuona sikubwereranso monga kale.

Kale khungu lotere linalibe mankhwala, kufikira cha m'ma 1920 pamene Jules Gonin wa ku Lausanne anaonetsa kuti chofunika ndi kutseka pong'ambikapo. Lero njira zazikulu zilipo ziŵiri. Yoyamba ndi kumanga kalamba ka silikoni kunja kwa diso kuti khoma lake likhudzanenso ndi retina. Yachiŵiri, imene Robert Machemer anaiyamba cha m'ma 1970, ndi kuchotsa madzi onanda aja, kuotcherera pong'ambika ndi leza, ndi kuthiramo mpweya kapena mafuta ochirikiza retina. M'diso lochotsedwa ng'ala mabala amakhala ang'onoang'ono ndi obisika m'mphepete, kotero madokotala kaŵirikaŵiri amasankha njira yachiŵiriyi.

Woikidwa mpweya asakwere ndege kapena malo okwera monga Nyika, ngakhale phiri la Livingstonia kuchokera ku Chitimba, dokotala asanamulole, chifukwa mpweyawo umafufuma pamwamba.

Choncho woona zizindikirozi afike tsiku lomwelo kuchipatala cha boma ku Rumphi kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, atanyamula buku lake lakuchipatala, anene kuti disolo linachitidwapo opareshoni, kuti atumizidwe msanga kwa akatswiri a maso. Madontho ogula m'sitolo ndi mankhwala achikuda sangamate retina.