Chifukwa Chimene Osewera Amapiririra Zolakwika za M'masewera a Pakompyuta

Chiyambi

Pa 11 Novembala 2011 kampani ya Bethesda ya ku America idatulutsa masewera a pakompyuta otchedwa The Elder Scrolls V: Skyrim. Sipadapite masiku ambiri osewera asadatulukire zolakwika za mitundumitundu. Chimphona chikamenya munthu ndi chibonga, munthuyo ankauluka ngati mwala wa legeni mpaka kukasowa m'mitambo. Wosewera akamuvindikira ndowa kumutu mwini sitolo, ankatha kusesa katundu yense mwini wakeyo ali chiimire osaona kanthu. Kumapeto kwa mwezi womwewo kampaniyo idatumiza zokonza, koma zokonzazo zidadzetsa vuto lina: zinjoka zamapiko zidayamba kuuluka chafutambuyo. Ngakhale zidali choncho, mu 2023 Todd Howard, amene adatsogolera ntchito yopanga masewerawa, adanena kuti adali atagulitsa makope oposa 60 miliyoni.

Munthu akagula wailesi yomangozima yokha amaibweza kusitolo tsiku lomwelo. Nanga n'chifukwa chiyani osewera amaseka zolakwika za m'masewera amene amawakonda, mwinanso n'kumazinyadira? M'nkhani ino ndiyesa kuyankha funsoli pogwiritsa ntchito mfundo zina za m'maphunziro a zilankhulo ndi zolembalemba. Masewerawa ndiziwatcha magemu monga momwe achinyamata timawatchulira. Ganizo langa ndi lakuti wosewera amaitenga gemu monga momwe womvera amamutengera wolankhula: amakhululuka kuphotchola, koma sakhululuka bodza.

Wosewera ngati womvera

Mu 1975 katswiri wa nzeru zakuya wa ku Britain, Paul Grice, adafotokoza kuti kukambirana kulikonse kumatsamira pa mgwirizano umene anthu sachita kuutchula. Womvera amayembekezera kuti wolankhula anena zoona, zokwanira, zogwirizana ndi nkhani, ndiponso momveka bwino. Chifukwa cha chiyembekezo chimenechi, womvera sakhala chete ngati chitsa ayi. Iye amathandiza kumanga tanthauzo. Mlendo akamaphunzira Chichewa n'kunena kuti "munthu chabwera", palibe amene amasokonezeka. Tonse timakonza chiganizocho m'mutu mwathu, n'kupitiriza kucheza. Wachibwibwi timamudikira, ndipo wokalamba akaiwala dzina timamukumbutsa.

Zimenezi zimachitikanso m'magemu. Gemu ya Final Fantasy VII, imene kampani ya Square ya ku Japan idatulutsa mu 1997, idamasuliridwa m'Chingerezi mophotchola m'malo angapo. Pena mwininkhani ndi mneni sankagwirizana, pena mawu adalembedwa molakwika. Koma osewera adaimvetsa nkhaniyo, adawakonda anthu ake, ndipo ambiri amakumbukirabe chisoni chimene adamva pa imfa ya mtsikana wotchedwa Aeris. Ziganizo zophotchokazo zidangosanduka nthabwala zimene okonda gemuyi amakumbutsana. Adaona kuti cholinga cha olemba chidali chabwino, choncho mipata imene idatsala adaitseka okha.

Olemba za ndakatulo ndi nthano adaizindikira kale mfundo yofanana ndi iyi. Mu 1817 mlakatuli Samuel Taylor Coleridge adalongosola kuti wowerenga amavomera mwakufuna kwake kuyamba waika pambali kukayika kwake kuti asangalale ndi nkhani. Ifenso timazidziwa bwino. Wokamba nthano akati "Padangotero", ife n'kuyankha kuti "Tili tonse", tavomereza kuti Kalulu alankhula ndipo Fisi apita kukafunsira mbeta. Agogo akasokoneza dzina la mfumu pakati pa nthano, ana amawakonza n'kupitiriza kumvera. Wosewera akayatsa gemu amakhala wanena "tili tonse" wakewake, ndipo kavalo wokwera phiri choimirira sangathetse panganolo.

Mtima wa masewera

Chifukwa chachiwiri n'chakuti masewera ali ndi mtima wake, ndipo zolakwika zambiri sizifika pamtimapo. Bawo ndi bawo, kaya aseweredwe pa thabwa losemedwa bwino, kaya m'maenje okumba pansi pa mtengo wa mango. Ana omenya mpira wachikulunga amadziwa kuti mpirawo si wobulungira kwenikweni, ndi kuti magoli ndi miyala iwiri chabe, koma chigoli chikalowa chimwemwe chake n'chenicheni. Chimene chimakoma m'masewera ndi malamulo ake, mpikisano, ndi mwayi woti munthu aonetse luso. Zina zonse ndi chovala.

Katswiri wa za maganizo a anthu, Mihaly Csikszentmihalyi, adafotokoza mu 1975 za mkhalidwe umene munthu amalowamo ntchito ikamuyenera, osati yophweka kwambiri kapena yovuta kwambiri. Munthu wotere amamira m'chimene akuchita mpaka kuiwala nthawi ndi njala. Ali m'kati mwa kumira koteroko, maso ake amakhala pa mdani amene akulimbana naye, osati pa khoma limene lajambulidwa mokhota.

Mtima wa Skyrim ndi ufulu woyendayenda. Ukaona phiri patali ukhoza kupitako, ndipo panjira ukumana ndi phanga, mudzi kapena chilombo chimene sumachiyembekezera. Kuti ufulu woterowo utheke, zinthu zambirimbiri m'gemuyo ziyenera kumayenda pazokha ndi kumakumana m'njira zimene ngakhale opanga sangaziyese zonse. Ndowa ija imatseka maso a mwini sitolo chifukwa chakuti opanga adafuna kuti chinthu chilichonse chizinyamulika ndiponso kuti munthu aliyense m'gemumo aziona zokhazo zimene zili patsogolo pake. Apa cholakwika ndi chokoma zatuluka pa muzu umodzi. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo osewera ambiri amaimvetsa mfundoyi ngakhale sadaphunzire kupanga mapulogalamu.

Cholakwika chikasanduka chuma

Chachitatu, pali zolakwika zina zimene zimawonjezera kukoma. Mu 1991 kampani ya Capcom idatulutsa gemu ya nkhonya yotchedwa Street Fighter II. Opanga adapereka kampata kakang'ono podina mabatani pofuna kuti nkhonya zapadera zisamavute kuponya. Kampata kameneka kadachititsa kuti wosewera wachangu azitha kudula nkhonya imodzi isadathe n'kulumikiza ina, mnzake asadapeze mpata wodziteteza. Osewera adalikonda luso limeneli, ndipo mu 1993, m'gemu ya Super Street Fighter II, kampaniyo idayamba kuwerenga nkhonya zolumikizanazo poyera ndi kupereka mapointi. Chimene chidayamba mwangozi chidakhala maziko a magemu a nkhonya amene adatsatira.

Zofanana ndi izi zidachitika mu Starsiege: Tribes ya 1998. Osewera adatulukira kuti akamadumpha mobwerezabwereza potsika phiri, ankatsetsereka pa liwiro limene opanga sadalikonzere. M'malo moletsa, opangawo adakusandutsa kutsetserekako kukhala gawo lovomerezeka la Tribes 2 mu 2001. M'gemu ya Pokémon Red and Blue, imene idafika ku America mu 1998, ana adapeza kuti akatsata njira inayake n'kukayenda m'mphepete mwa chilumba cha Cinnabar, ankakumana ndi chinthu chosaoneka bwino chotchedwa MissingNo., ndipo katundu wachisanu ndi chimodzi m'thumba mwawo ankawonjezeka ndi 128. Kampani ya Nintendo idachenjeza za cholakwikachi, koma ana ankauzana ngati chinsinsi cha mtengo wapatali.

Wophunzira zilankhulo sangadabwe nazo izi. Mawu akuti sukulu, buledi ndi sitolo adabadwa pamene makolo athu ankatchula mawu a Chingerezi motsatira kamvekedwe ka Chichewa, kuika mavawelo pakati pa makonsonanti ndi kumapeto kwa mawu. Kwa Mngelezi kumeneko kudali kulakwitsa, koma lero ndi Chichewa chovomerezeka chimene chili m'mabuku a sukulu. Chimene chimagamula kuti ichi n'cholakwika kapena ayi ndi gulu la anthu ochigwiritsa ntchito. Osewera nawonso ndi gulu lotero. Cholakwika chimene achitulukira okha chimakhala chawo, ndipo wochidziwa amaoneka kuti ndi mwini mudzi, osati mlendo.

Thukuta limamanga chikondi

Chifukwa chachinayi sichokoma kwenikweni kuchimva. Mu 1957 Leon Festinger adafotokoza kuti munthu amavutika mumtima akakhala ndi maganizo awiri otsutsana, ndipo amayesetsa kuwayanjanitsa. Mu 1959 Elliot Aronson ndi Judson Mills adayesa mfundoyi pa ophunzira a pakoleji. Ena adawalowetsa m'gulu la zokambirana mosavuta, ena adayamba awadutsitsa m'mayeso ochititsa manyazi. Onse adamvetsera zokambirana zomwezo, zimene zidakonzedwa dala kuti zikhale zosasangalatsa. Amene adavutika polowa ndiwo adaziyamikira kwambiri.

Munthu amene walipira ndalama zambiri ndi kutha maola 100 pa gemu imodzi zimamuvuta kuvomera kuti idali yosalongosoka, chifukwa kutero ndi kuvomera kuti adataya nthawi yake. N'chapafupi kunena kuti zolakwikazo n'zazing'ono. Ena amafika pogwira ntchito ya kampani popanda malipiro. Okonda Skyrim adapanga okha pulogalamu yotchedwa Unofficial Skyrim Patch, imene idakonza zolakwika zambiri zimene eni ake adazisiya. Munthu amene wamata yekha ming'alu ya nyumba salola kuti wodutsa m'njira ainyoze. Choncho m'kupirira kwa osewera muli chikondi chenicheni, komanso muli kudziteteza.

Pamene chipiriro chimathera

Grice adaona kuti mwa zoyembekezera zonse za womvera, kunena zoona ndiye phata, pakuti zinazo zimagwira ntchito pokhapokha womvera akakhulupirira kuti sakunamizidwa. Mbiri ya magemu ikugwirizana naye.

Gemu ya No Man's Sky ya kampani ya Hello Games idatuluka mu Ogasiti 2016. Anthu adali atamva kwa opanga kuti osewera akhoza kukumana m'dziko la gemuyo, koma osewera awiri atafika pamalo amodzi sadaonane. Mkwiyo udali waukulu. Vuto silidali chimphona choulutsa anthu ayi, koma lonjezo losakwaniritsidwa. Mu Novembala 2017 kampani ya Electronic Arts idakakamizika kuyamba yaimitsa malonda a m'kati mwa Star Wars Battlefront II gemuyo ili pafupi kutuluka, chifukwa osewera adaona kuti idakonzedwa mowakankhira kulipiranso ndalama zina pa gemu imene agula kale. Pamenepa padalibe cholakwika changozi. Chidali cholinga, ndipo n'chifukwa chake sadachikhululukire.

Chitsanzo chachikulu ndi Cyberpunk 2077 ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland, imene idatuluka pa 10 Disembala 2020. Pa makina a PlayStation 4 ndi Xbox One gemuyi inkadukaduka ndi kuzima, ndipo kampaniyo idapepesa povomera kuti sidaonetse anthu momwe inkayendera pa makina amenewa asadaigule. Zithunzi zotsatsira malonda zidali zokongola, koma chidali chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Patangotha sabata imodzi, kampani ya Sony idaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti ndi kubweza ndalama kwa ogula, ndipo idaibwezeramo mu Juni 2021.

Ngakhale Skyrim yomwe ija idakumana ndi malire amenewa. Pa PlayStation 3, munthu akasewera nthawi yaitali, gemuyo inkayamba kuyenda mojejema mpaka kulephereka kuisewera. Anthu omwewo amene ankaseka chimphona sadaseke apa, chifukwa cholakwika ichi chinkawalanda maola amene adawathera. Gemu imodzi, osewera amodzimodzi, koma ziweruzo ziwiri: cholakwika chopatsa nkhani yokauza anzako chimalandiridwa, cholakwika chokubera nthawi chimakanidwa.

Chochititsa chidwi n'chakuti chikhulupiriro chimatha kubwerera. Hello Games idapitiriza kutumiza zowonjezera zaulere, ndipo mu 2018 idatheketsa osewera kuyendera limodzi. Cyberpunk 2077 idakonzedwa kwa zaka zitatu, ndipo mu 2023 idalandira mphotho pa mwambo wa The Game Awards monga gemu yosamalidwa bwino itatuluka kale. Monga zimakhalira pakati pa anthu, wolakwa akabweza chimene adalanda, anzake amayambanso kumumvera.

Mathero

Ndafotokoza zifukwa zinayi zimene osewera amapiririra zolakwika: amathandiza kumanga tanthauzo monga womvera aliyense, amayang'ana mtima wa masewera osati chovala chake, amasandutsa zolakwika zina kukhala luso lawo, ndipo amateteza nthawi ndi ndalama zimene adalowetsa. Ndaonetsanso kuti kupiriraku kumatha pamene wosewera waona kuti wanamizidwa kapena waberedwa.

Nkhaniyi ili ndi chenjezo. Kale gemu ikatuluka pa katiriji kapena pa chimbale, idali yatuluka basi, ndipo opanga ankayenera kuiyesa mokwanira. Intaneti idabweretsa mwayi wokonza pambuyo, koma idabweretsanso chiyeso chogulitsa ntchito yosatha podalira kuti okonda adzapirira. Amene amavutika kwambiri ndi ogula a m'mayiko ngati athu ano, kumene kukopera zokonza zikuluzikulu kumadya ndalama zambiri za intaneti. N'chifukwa chake ndikuona kuti wosewera wanzeru ayenera kudzifunsa funso limodzi akakumana ndi cholakwika: kodi apa wopanga waphotchola poyesa kundipatsa chinthu chachikulu, kapena wandigulitsa chimene ankadziwa kuti sichidapse? Woyambayo ndi woyenera kumuseka ndi kumukhululukira. Wachiwiriyo ayenera kubweza ndalama.